Musanakhome chikhomo: kasankhidwe ka malo a siteshoni yaikulu ya magetsi a dzuwa kuno ku Zomba

Chaka china mu Okutobala ndinaperekeza alendo awiri amene ankafuna malo oti adzayalepo mapanelo a sola a mahekitala ambirimbiri, oti magetsi ake azikalowa m'mawaya a ESCOM. Tinatsika ndi msewu wa ku Jali, kenako n'kukhotera chakunyanja. Tinafika pamalo ena osalala ngati bwalo la mpira, opanda mtengo, opanda nyumba, dzuwa likuswa mtengo. Alendo aja nkhope zinawala, mmodzi mpaka anayamba kuwerenga mapazi kulowera kum'mawa.

Agogo ena ankadutsa atasenza mtolo wa bango. Anaima.

"Ana inu, mwataya chiyani pamenepa?"

Titawafotokozera anatula mtolo uja n'kuseka. "Mudzabwerenso mu Febuluwale. Koma mudzavale nsapato zoti simukuzifunanso."

Ine ndinabwereradi. Madzi anali olekeza m'mawondo, mpunga uli biriwiri, achule ali pakalapakala. Ming'alu ija ndinaiona mu Okutobala, yoti dzanja lonse linkalowa, inkandiuza kale kuti pano ndi pa makande, kungoti maso anga anali kumwamba kuyang'ana dzuwa.

Ambiri amalakwitsa pomwepo. Dzuwa m'Malawi muno lili paliponse, ndipo kusiyana kwake pakati pa Thondwe ndi Mayaka n'kochepa. Zimene zimagwetsa ntchito ngati iyi zili pansi: waya, madzi ndi anthu. Malangizo awa ndawalemba motsata ndondomeko imene ine ndimayendera, ndipo ndi a aliyense amene nkhaniyi ingamupeze, kaya ndinu ofuna kuikapo ndalama, a kukhonsolo, kapena amfumu amene alendo agogoda pakhomo panu.

Yambani ndi waya. Musanapite kukaona munda wa munthu aliyense, dziwani kaye kumene magetsi anuwo akalowere. Mawaya amene amadutsa m'midzi mwathumu pa mapolo a mitengo aja, ambiri ndi a 11 kapena 33 kV (makilovoti, muyezo wa mphamvu yokankha magetsi m'waya), ndipo sangasenze katundu wamkulu. Siteshoni ya mamegawati 20 kupita m'tsogolo kawirikawiri imafuna mawaya a 66 kapena 132 kV, ndiponso imalumikizidwa pa sabusiteshoni, malo otchingidwa a mathiransifoma akuluakulu pamene mawaya amakumana, osati pa polo iliyonse imene mwaiona. Taonani zimene anachita anzathu. Siteshoni ya mamegawati 60 ya ku Salima, imene inayamba kugwira ntchito mu 2021, ili kufupi ndi sabusiteshoni ya Nanjoka. Ya ku Golomoti ku Dedza, ya mamegawati 20, imene inatsatira mu 2022, ili pafupi ndi sabusiteshoni ya konko. Sizinangochitika mwamwayi ayi. Kilomita iliyonse ya waya watsopano ndi ndalama, ndi magetsi otayika m'njira, komanso ndi minda ndi nyumba za anthu ena amene muyenera kukambirana nawo chifukwa waya udutsa pamwamba pawo.

Choncho lemberani a ESCOM kalata, musangofunsa pakamwa. Afunseni zinthu zitatu: sabusiteshoni imene mwaiyang'anayo ingalandire mamegawati angati, mkati mwa mpanda wake muli mpata woikapo zida zina, ndipo kodi mpatawo sanalonjeze kale munthu wina? Yankho lenileni limatuluka akatswiri akachita kafukufuku wa mmene magetsi anuwo adzayendere m'mawaya a dziko lonse. Pali chifukwa chake. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo onse pamodzi ndi ochepa. Mtambo ukangodutsa pamwamba pa siteshoni yaikulu ya sola, mphamvu imatsika m'kanthawi kochepa, makina a pa Shire aja n'kumavutika kuti atseke mpatawo. N'chifukwa chake ku Golomoti anaikako mabatire akuluakulu. Inunso siyani malo a mabatire ngakhale mulibe ndalama yake lero, poti magetsi amafunika kwambiri madzulo, anthu akamaphika ndi kuyatsa nyali, nthawi imene dzuwa lapita kale.

Mukadziwa sabusiteshoni yodalirika, tengani mapu mujambule mkombero woizungulira. Ine ndimakonda kuyambira pa makilomita 10, ndipo ndimatuluka mumkomberomo pokhapokha zitakanika.

Tsopano werengetsani kukula kwa malo. Megawati imodzi imadya pafupifupi mahekitala awiri mukaphatikiza mipata ya pakati pa mizere, misewu ya mkati, ngalande, nyumba ya zida ndi mpanda. Mamegawati 20 ndiye kuti mahekitala 40, omwe ndi maekala pafupifupi 100. Imani kaye pamenepa. Kuno ku Zomba, kumene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'madera a kunja kwa mzinda, maekala 100 ogundizana opanda mwini kulibe. Ngati banja lililonse likulima ekala imodzi, mukukamba za mabanja 100. N'chifukwa chake ndi bwino kuyang'ana kaye malo amene ali kale m'manja mwa mwini mmodzi: esiteti imene inasiya kulima, malo a lizi amene angokhala, malo oguga oti ngakhale chinangwa chimachita kunyinyirika. Malo a chonde, madimba ndi masikimu a mpunga ngati a Likangala ndi Domasi, amenewo asiyeni. Dziko lomwe limagwa m'njala kawirikawiri lisamayale magalasi pamene pamatuluka chakudya.

Pa mapu omwe aja, fufutani malo oletsedwa. Nkhalango yotetezedwa ya m'phiri la Zomba ichoke. Madambo a nyanja ya Chilwa achoke: nyanjayi ili pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, chifukwa cha mbalame zake ndi zamoyo zina. Komanso Chilwa ndi nyanja yonyenga. Inaphwa mu 1995, inadzaphwanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018, moti mlendo wobwera chaka choterocho angaganize kuti wapeza chigwa cha bwerera. Madzi aja amabwerera kwawo. Ngati malo ali kufupi ndi bwalo la ndege, funsani akuluakulu oona za ndege za kunyezimira kwa mapanelo ndi kutalika kwa nsanja za mawaya.

Apa ndiye mungayang'ane kumwamba. Pa intaneti pali mapu aulere otchedwa Global Solar Atlas, amene anakonzedwa ndi thandizo la World Bank. Mukaloza malo, amakuuzani mphamvu ya dzuwa imene imagwa pamenepo pa chaka. Madera ambiri a dziko lino amalandira pakati pa 5 ndi 6 kWh (muyezo womwe uja wa mayuniti a magetsi) pa sikweya mita iliyonse patsiku, zomwe ndi zokwanira bwino. Koma Zomba ili ndi phiri, ndipo phiri lili ndi khalidwe lake. Nsonga zake zimapitirira mamita 2,000, limakoka mitambo, ndipo mu Juni ndi Julaye chiperoni chikabwera, m'tsinde mwake mumatha masiku osaliona dzuwa pamene kuchigwa anthu akuyanika mphale. Mthunzi wake nawonso ndi wautali. Amene ali kum'mawa kwa phiri, kufupi nalo, dzuwa limawalowera msanga; a ku Chingale, kuseri kwake, limachedwa kuwatulukira. Mukamatalikirana nalo vutoli limachepa.

Kuchigwa kotentha nakonso kuli msonkho wake. Panelo imakonda kuwala, kutentha ayi. Ikatentha kupitirira madigiri 25, digiri iliyonse imaibera pafupifupi 0.3 mpaka 0.4 peresenti ya mphamvu, ndiye masana a mu Okutobala panelo ikafika madigiri 60, yataya kale gawo loposa limodzi mwa magawo khumi. Izi sizoti n'kuthawira malo, koma zilowe m'masamu anu.

Ife tili cha pa madigiri 15 kumwera kwa ikweta, choncho mapanelo osayenda amayang'ana kumpoto, atapendekeka pafupifupi madigiri 15 omwewo. Mu Juni dzuwa la masana limakhala lopendekera kumpoto kwambiri, ndiye mukaima pamalo paja yang'anani kumpotoko: kaphiri, mzere wa bulugama kapena nyumba yaitali imene ili mbali imeneyo idzakuponyerani mthunzi nthawi yozizira. Malo otsetsereka pang'ono chakumpoto ndi abwino. Otsetsereka kuposa mamita 5 pa mamita 100 alionse amafuna kugumula ndi kusalaza kwambiri, ndipo dothi logumulidwa ndi limene mvula imayamba kukokolola. Mabanki obwereketsa ndalama sakhutira ndi mapu okha. Amafuna muike chida choyezera dzuwa pamalopo kwa miyezi 12, chokhala ndi munthu wochipukuta fumbi pafupipafupi. Funsaninso a nthambi yoona zanyengo, ali ndi kaundula wa mvula wa zaka zambiri.

Mwatsala ndi malo atatu kapena anayi. Valani majombo.

Gawo ili ndi limene ndimalimbikira kwambiri, poti ndi limene anthu amalithamangira. Malo aliwonse muwayendere kawiri, m'chilimwe ndi pakati pa dzinja, ndipo muyende wapansi kuchokera ngodya ina kufika ina, osati kungosuzumira pawindo la galimoto. Mukufuna kudziwa kumene madzi amachokera, kumene amadutsa ndi kumene amagona. Mitsinje yotsika m'phiri, monga Likangala, Mulunguzi ndi Domasi, m'chilimwe imaoneka yofatsa, koma mvula ikagwa kumtunda imadzaza mwadzidzidzi ngakhale kuchigwa kusanadonthe. Zizindikiro zimakhalapo kwa amene akuyang'ana: zinyalala zokodwa m'nthambi za mtengo pamwamba pa mutu wanu, mzere wa matope pakhoma la nyumba, mchenga wa mumtsinje uli pakati pa munda, nyumba zonse za m'mudzi zitamangidwa pa chitunda chimodzi. Anthu sathawa malo osalala popanda chifukwa.

Funso lothandiza kwambiri masiku ano ndi lakuti: nthawi ya Freddy madzi analekeza pati? Namondwe uja wa mu Malichi 2023 aliyense akumukumbukira, ndipo adzakulozerani ndi chala. Funsaninso za namondwe Ana wa mu Januwale 2022, yemwe anaononga damu la ku Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ngati madzi anagumula damu pa Shire, mainveta anu, makina osintha magetsi a mapanelo kuti alowe m'mawaya, angalimbe bwanji ataikidwa m'dambo? Mufunse anthu osiyanasiyana, paokhapaokha. Amene akufuna kukugulitsani malo adzati pano sipafika madzi. Mnyamata woweta ng'ombe alibe chobisa.

Kenako dothi. Mapanelo amakhala pa zitsulo zokhomedwa pansi, zikwizikwi, ndipo chitsulo chilichonse chiyenera kuima chilili zaka 25 kapena kuposa. Makande amafufuma akanyowa n'kung'aluka akauma, motero amakankha ndi kupendeketsa zitsulo chaka ndi chaka. Thanthwe losaya nalo limavuta mwa njira ina: chitsulo sichilowa, muyenera kuboola dzenje lililonse ndi makina, mtengo n'kukwera. Kufupi ndi Chilwa dothi ndi madzi a pansi zimakhala ndi mchere, umene umadya chitsulo. Dothi la katondo kapena la mchenga wosakanikirana, lakuya, losasunga madzi, ndilo labwino. Musanalipire akatswiri odzakumba maenje ndi kukhoma zitsulo zoyesera, funsani amene anakumba zitsime ndi zimbudzi m'deralo. Adzakuuzani kuti mwala anaupeza pa mamita angati, madzi pa mamita angati, kwaulere.

Msewu musauiwale. Mapanelo a mawati 550 ofika mamegawati 20 ndi oposa 36,000, ndipo kontena imodzi yaikulu imanyamula pafupifupi 600. Ndiye mathiraki 60 a mapanelo okha, kuchokera ku doko la Beira kapena Nacala, osawerengera zitsulo, mawaya ndi thiransifoma, yomwe ndi katundu mmodzi wolemera kwambiri wosagawika. Pa msewu wa M3 zidzayenda. Nkhani ili pa makilomita omalizira mukachoka pa tala: kamlatho ka matabwa, kalavati yong'aluka, ngodya yoti thiraki yaitali singakhote, msika umene umadzaza msewu wonse tsiku la msika. Yendani njira yonseyo ndi munthu wodziwa za milatho.

Madzi otsukira mapanelo afunikanso, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi ndi phulusa la lupsa zikamauluka. Mjigo wanu usadzaphwetse wa m'mudzi, ndipo kutunga madzi ochuluka chotere kumafuna chilolezo cha bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority. Madzi a mchere amasiya mawanga pagalasi. Onaninso oyandikana nawo: malo oswa miyala, mauvuni a njerwa, msewu wafumbi wodutsa magalimoto ambiri, ndi tchire limene anyamata amatentha posaka mbewa. Kunja kwa mpanda kusiyidwe mpata wolambula woti moto uzilekezera pomwepo.

Tsopano anthu. Ndaika gawoli kumapeto chifukwa cha kalembedwe chabe, koma kunena zoona limayamba tsiku lomwe mwaponda m'mudzi koyamba. Musafike ndi zida zoyezera musanalonjere. Yambirani kwa bwanamkubwa ndi ofesi ya malo ya kukhonsolo, akutumizeni kwa mfumu yaikulu ya deralo, kaya ndi a Mwambo, a Chikowi, a Kuntumanji, a Malemia kapena a Mlumbe, ndipo kuchoka apo mutsike kwa a gulupu ndi a nyakwawa. Koma mawu a mfumu okha sakwana. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi a gulupu, ndipo theka la mamembala osankhidwa ayenera kukhala amayi. Mfumu ndi mlonda wa malo. Siingagulitse munda wa munthu iye asakudziwa.

Pano mpamene alendo ambiri amaphonya. Kuno midzi yambiri ndi ya chikamwini. Bambo amene wakulandirani pakhonde, wovala jekete, wolankhula Chingerezi, nthawi zambiri ndi mkamwini. Munda ndi wa akazi ake, unachokera kwa amayi awo, ndipo mwini mbumba, atsibweni aja, mwina ali ku Blantyre kapena ku Joni. Mukasainirana ndi bambo yekha, mwasainirana ndi mlendo mnzanu. Ndinaonapo ntchito ina yaing'ono itaima miyezi ingapo chifukwa cha zomwezi: chipukuta misozi chinaperekedwa kwa amuna, ena n'kuthawa nacho, amayi n'kukakhala pansi pakati pa malowo ndi makasu awo. Ankanena zoona, minda inali yawo. Choncho amayi muwaitanire msonkhano wawowawo, pa nthawi imene achoka kumunda, ndipo dzina lolembedwa pa pepala likhale la mwini munda weniweni.

Pamsonkhano woterowo funsani za zinthu zimene sizioneka pa mapu. Manda ali pati, ndi akale omwe amene angotsala kankhalango? Anyamata amavinidwira kuti, atsikana amalangidwira kuti? Ng'ombe zimadutsa njira iti popita kukamwa madzi? Ana asukulu amadulira pati? Udzu wofolera, nkhuni, dothi loumbira mbiya, zimatengedwa kuti? Mpanda wa mahekitala 40 ukadula njira ya kumjigo, mayi amene ankayenda mphindi khumi adzayenda ola, ndipo waya wa mpandawo sudzakhalitsa. Manda ndi bwino kuwazungulira n'kusiya njira yofikirako. Kufukula mafupa a makolo a anthu ndi nkhani yolemera, yofuna mabanja, mafumu ndi a nthambi ya boma yoona za mbiri ndi zakale, ndipo ngakhale zonse zitayenda mwa lamulo, chilonda chimatsala.

Chipukuta misozi chiwerengedwe ndi akatswiri ovomerezeka a boma, munda ndi munda, mtengo ndi mtengo, mwini wake ali pomwepo. Mango wobereka ndi chuma cha chaka ndi chaka, asawerengedwe ngati nkhuni. Ndipo ndalama yokha siibwezeretsa munda: imatha, njala n'kutsala. Mabungwe akunja obwereketsa ndalama, amene ambiri amatsata miyezo ya IFC, nthambi ya World Bank yobwereketsa ndalama ku makampani, amafuna kuona kuti anthu osunthidwawo moyo wawo sunabwerere m'mbuyo, kaya powapezera malo ena olima kapena njira ina yopezera chakudya. Ngati malo ena akufuna kusamutsa nyumba 50 pamene ena akungokhudza minda yowerengeka, sankhani achiwiriwo ngakhale waya utalike pang'ono.

Pali funso lina limene lidzabwera ndithu, mwina kuchokera kwa agogo okhala kumbuyo: "Nanga ife magetsiwo tidzawaona?" Yankhani zoona. Magetsi a siteshoni yaikulu amapita m'mawaya a dziko lonse, salowa m'nyumba yoyandikana ndi mpanda pokhapokha patakhala dongosolo lapadera. Ntchito zimachuluka nthawi yomanga, ikatha amatsala anthu ochepa: alonda, otchetcha udzu, otsuka mapanelo ndi amisiri angapo. Zimene mungathedi kuchita, monga thiransifoma ya pamsika, mjigo kapena chipinda cha sukulu, zilembedwe ndi kusainidwa pamaso pa anthu. Zimene simungathe musazitchule n'komwe.

Za mapepala ndingodutsa mwachangu, poti maloya ndi akatswiri adzakutsogolerani. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu chonchi iunikidwe kaye mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo chiphaso chake chimachokera ku bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Laisensi yopangira magetsi imachokera ku bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta la MERA. Pamafunikanso mgwirizano wogulitsira magetsiwo, umene nthawi zambiri umakhala wa zaka 20, lizi yochokera ku unduna wa za malo, ndi chilolezo chomangira. Lizi ikhale yaitali kuposa mgwirizano wogulitsira magetsi, poti kumanga ndi kudzachotsa zida pamapeto kumadyanso zaka.

Mukafika apa, tengani pepala limodzi, mulembe malo anu atatu aja pamwamba, m'mbali mulembe mtunda wa waya, mphamvu ya dzuwa, madzi osefukira, dothi, msewu ndi chiwerengero cha mabanja okhudzidwa. Zina mwa izi ndi zoti ndalama ingakonze: msewu umakonzeka, thanthwe limabooleka. Zina ndi zothetseratu nkhani: sabusiteshoni yodzaza, malo omira, anthu amene akana. Malo amene agwa pa chimodzi mwa zitatuzi achotseni, ngakhale dzuwa lake litakhala lokoma chotani. Pa otsalawo sankhani amodzi, koma achiwiri musawataye mpaka zotsatira za dothi ndi za ESCOM zitatuluka.

Ndipo musathamangire kulipira ndi kutchinga mpanda. Kuchokera tsiku loyamba kuyendera malo kufika tsiku lokhoma chitsulo choyamba pamatha zaka, ndipo ntchito zina zimafera m'njira. Panganani ndi eni minda kuti apitirize kulima chimanga, nandolo ndi chinangwa chawo mpaka mudzawauze, ndipo chidziwitsocho chidzaperekedwe nyengo yathunthu isanakwane, asanagule feteleza, kuti thirakitala idzalowe m'munda anthu atakolola kale.